Chikwatu chomaliza cha amayi

LOLEMBA

Mayi a Yankho, 5:41
Mwadzuka bwanji nonse. Ine ndili kale pamoto, nyemba ndinaviika usiku ndiye sizivuta kupsa. Lolemba anthu a m'maofesi ambiri sanyamula chakudya, choncho ndaonjezera ufa. Amene muli ku Blantyre kuno, lero kuli nyemba, mpiru ndi usipa.

Chiko, 5:55
Tadzuka achemwali, kaya inu. Usipa wake ndi wofutsa?

Mayi a Yankho, 5:57
Wofutsa, wa ku Mangochi. Ndinakautenga ku Limbe Loweruka. Mulu wake ukungochepa mwezi ndi mwezi, koma makasitomala anga akapanda kuuona m'mbale amadandaula.

Bambo a Tadala, 6:10
Mwadzuka bwanji kumudzi. Kuno ku Joni ndili kale mu takisi. Usipa umene anandibweretsera pa basi mu Juni watsala wophika kamodzi, ndikuusungira tsiku limene ndidzapukwe kwambiri.

Nachisale, 6:32
Mwadzuka bwanji abale anga. Lero ndikubwerera ku ntchito, ndili pa siteji ku Area 25 kudikira minibasi. Ndakhala chete pa gulu pano masabata atatu koma mauthenga anu onse ndinawerenga. Chipepeso chanu chinandipeza kudzera mwa a Nabanda. Tinagulira ufa, nkhuni ndi mafuta a galimoto yonyamula thupi kuchoka ku Lilongwe kupita kwathu ku Nkhoma. Amayi tinawaika bwino. Zikomo, mawu andithera.

Nabanda, 6:35
Mwafika achemwali. Muyende bwino. Ine ndikuweruka kumene, ndinali ya usiku. Ndikagona pang'ono, masana ndikuimbirani.

Aphunzitsi, 6:50
Mwana wanga Nachisale, pepani kwambiri. Mayi anu ndinawadziwa pamene munali Folomu 2. Anabwera ku sukulu atasenza thumba la mtedza loti agulitse kwa aphunzitsi kuti fizi yanu ikwane, ndipo sanachoke mpaka anaona lisiti ndi maso awo. Anthu otero sapezeka kawirikawiri. Mulimbe mtima, ndipo lero musadzikakamize kugwira ngati kuti palibe chachitika.

Nachisale, 6:58
Aphunzitsi, za mtedzazo sindinkazidziwa. Mwandiliza pa siteji pano.

Kamanga, 7:20
Pepani alongo. Pa maliro sindinafike, uthenga unandipeza ndili ku Dar es Salaam kudikira kupakira. Ndikadutsa ku Lilongwe ndidzafika pakhomo.

Mwayi, 8:04
Asisi, ku ntchito anakupatsani masiku angati?

Nachisale, 8:40
Atatu okha. Ena 15 ndachita kudula pa tchuthi changa cha pachaka. Masiku atatu angakwanire chiyani? Loyamba kuthamanga ndi mapepala ndi bokosi, lachiwiri kugona pa siwa, lachitatu kumanda. Kumeta kusanachitike n'komwe, katundu wa malemu asanagawidwe, iwe uzikhala utafika kale pa kauntala.

Mwayi, 8:52
Ndi mmene zilili m'malo ambiri. Lamulo la ntchito la 2000 limati wogwira masiku 6 pa sabata ali ndi masiku 18 a tchuthi pa chaka, wogwira masiku 5 ali ndi 15. Za maliro zimadalira zimene zinalembedwa pa ntchito panu. Ndiye kuti inu mwatsala ndi atatu mpaka chaka chithe. Muwasunge, kumudzi adzakufunani nthawi yodzala.

Chiko, 9:03
Bola inu muli ndi masiku owerenga. Ine kuyambira pa 1 mwezi uno ndili pakhomo.

Mayi a Yankho, 9:05
Ah ah achimwene, chachitika n'chiyani? Bwanji osanena?

Chiko, 9:17
Ndimaona kuti gulu lili pa chisoni ndiye ndinati ndisaonjezere katundu. Anatiitana anthu 7 mu ofesi, akuti kampani sikupeza ndalama zakunja zoitanitsira katundu, choncho ku sitolo sikukufunika anthu ambiri. Ndagwirapo zaka 6 ndi miyezi inayi. Atipatsa malipiro a mwezi umodzi ndi kalata, zina akuti tidikire. Kunyumba ndinanena patapita masiku awiri. M'mawa ndimavala ndithu n'kutuluka, kukangokhala pa benchi ku Zomba kuno mpaka dzuwa lipendeke, chifukwa ndimasowa poyambira kuwauza mayi a ana.

Mwayi, 9:31
Achimwene, mverani bwino. Akakuchotsani chifukwa chochepetsa anthu, pali ndalama ya severance. Zaka 5 zoyamba amawerengera malipiro a masabata awiri pa chaka chilichonse, kuyambira chaka cha 6 mpaka cha 10 ndi masabata atatu pa chaka. Inu zaka zathunthu ndi 6, ndiye kuti masabata 13. Kuonjezera apo masiku a tchuthi amene simunapite akuyenera kulipidwa. Funsaninso pepala la penshoni, muone ngati 5 peresenti imene amakudulani ndi 10 peresenti ya abwana zimalowadi mwezi uliwonse. Musasaine chilichonse cholembedwa kuti mwalandira zonse musanawerengetse. Akazengereza, pitani ku ofesi ya zantchito pa boma pomwepo.

Chiko, 9:36
Izi sanatiuze. Ndiwatumizira anzanga 6 aja uthengawu.

Aphunzitsi, 9:50
Mwachita bwino kunena. Munthu wobisa matenda maliro amamuulula. Kalata imene anakupatsaniyo muijambulitse, ina musunge kwa m'bale wanu.

Kamanga, 12:15
Ine nkhomaliro yandipeza pa Songwe, mzere wa mathiraki ndi wautali. Masiku onse a ku Tanzania ndimangodya chipsi cha mazira ndi mpunga, mimba siikhazikika. Ndikangowoloka ndikufuna nsima yeniyeni. Ndipo ndikafika kwathu ku Nkhata Bay, kondowole ndi batala wowotcha, basi.

Bambo a Tadala, 12:22
Kuno ufa ndi wambiri m'mashopu ndipo ndi woyera bwino, koma nsima yake siinunkhira ngati ya ufa woviika wa kwathu. Zaka 9 tsopano, lilime silinazolowere.

Mayi a Yankho, 12:30
Kusiyana kwake ndi mphale. Kwathu timakonola, kuviika masiku atatu kapena anayi, kutsuka, kuyanika, kenako kuchigayo. Kafungo kowawasa pang'ono kaja kamachokera m'madzi oviikira. Ine pa bizinesi ndimaphika ziwiri, woyera ndi mgaiwa, chifukwa masiku ano azibambo ambiri a shuga amafunsa mgaiwa.

Nachisale, 12:48
Ndili kuseri kwa shopu, chakudya chili pamwendo koma sichikulowa. Nthawi ngati ino amayi amaimba tsiku lililonse. Analibe zambiri zonena, amangoti “Mwadya?” Ndikati eya, amafunsa ndiwo yake, kenako amadula kuti mayunitsi asathe. Lero 12 itakwana dzanja linapita lokha m'thumba. Nambala yawo ikadali pamwamba pa amene ndimalankhula nawo kwambiri.

Nabanda, 12:51
Ndadzuka. Yankhani foni achemwali, ndikuimba.

Nabanda, 13:20
Adya pang'ono. Ndawauza kuti mawa ndiimbanso nthawi yomweyi. Amene muli ndi mpata tizisinthana, 12 isamawapeze okha sabata ino.

Mayi a Yankho, 13:24
Lachinayi ndi langa.

Bambo a Tadala, 13:26
Lachisanu ndiimba pa WhatsApp nthawi yopuma.

LACHIWIRI

Chiko, 7:12
Mwadzuka bwanji. Dzulo usiku ndinakhala pansi ndi mayi a ana kuwerengetsa. Lendi, fizi ya wamkulu, ngongole ya banki mkhonde. Iwo akuti tiyambe kugulitsa makala ndi tomato pakhomo podikira ndalama ija. Ine ndimaganiza zobwereka njinga yamoto ndizichita kabaza.

Kamanga, 7:30
Kabaza ali ndi ndalama ya tsiku ndi tsiku, koma mwini njinga amafuna yake madzulo kaya mwapeza kaya ayi. Ndipo ine ndimayenda pamsewu, ndimaona zimene zimachitikira anyamata a njinga. Ngati mungayambe, chipewa chikhale pamutu ndipo usiku muzisiya.

Nabanda, 7:41
Zoona. Ku wodi ya abambo amene timawalandira atathyoka miyendo ambiri ndi a njinga zamoto. Achimwene, ganizani kaye.

Mayi a Yankho, 7:58
Ndikuuzeni za ine. Ndinayamba ndi mapoto awiri ndi mbaula imodzi, ndiwo yake nyemba ndi kabichi basi. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mafuta ophikira anakwera moti ndinatsala pang'ono kusiya. Chinandipulumutsa n'chakuti anthu a pa ntchito sasiya kudya masana. Inu mwagwira ku sitolo zaka 6, mumadziwa kulemba cholowa ndi chotuluka. Ambiri timagwa chifukwa chodya mpamba osazindikira. Luso limenelo musalipeputse. Koma katapila yekha musayandikire.

Mwayi, 8:15
Tumizani CV kwa ine lero. Kuli malo ena ku Blantyre akufuna munthu wa sitolo, ndikudziwa kuti akuitana anthu sabata ino. Sindikulonjeza, koma pepala lanu lifika pa tebulo.

Chiko, 8:19
Zikomo asisi. Nditumiza ndikangofika pa malo osindikizira.

Nachisale, 19:47
Abale, ndili ndi funso ndipo mwina muona ngati laling'ono. Poweruka lero ndimafuna kusuntha matumba amene tinabwera nawo kumudzi. Mu thumba lina ndapeza chikwatu cha mfutso. Ndi cha amayi. Anafutsa okha mu Epulo, nkhwani ndi chitambe, anakulunga m'masamba a msuku n'kumanga ndi luzi mmene amachitira chaka chilichonse. Mfundo yake ndaizindikira, amamanga kawiri kenako n'kupisa nsonga pansi. Azakhali akuti anachipeza chili pa denga la khitchini ndipo amayi ananena kale kuti ichi n'cha ana a ku Lilongwe. Pambali pake pali kabotolo ka nsinjiro zimene anasinja asanadwale.
Chaka chilichonse Okutobala akafika, ndiwo zamasamba zikayamba kudula m'tauni, amanditumizira chikwatu pa minibasi ya pa Kamphata. Ndimalandira ngati chinthu wamba. Nthawi zina chimatha mwezi chili pakona osachikhudza.
Pano ndakhala pansi chili pamwendo. Ndikaphika, chatha, ndipo china sichidzabweranso. Ndikasunga, chifumbwa. Mawa ndi pa 15, Tsiku la Anakubala. Chitenje chawo ndinali nditagula kale mu Ogasiti. Ndichite bwanji?

Chiko, 19:55
Ine ndikanasunga achemwali. Chinthu chimene manja awo anagwira komaliza sichodyera tsiku limodzi.

Mayi a Yankho, 20:14
Asisi, ndikuyankheni ngati munthu amene ndinadutsamo. Ambiri mukudziwa kuti mng'ono wanga anapita ndi matope a namondwe Freddy ku Chilobwe mu Malichi 2023. Chimene simukudziwa ndi ichi. Iye ndi amene amandikazingira zitumbuwa zogulitsa m'mawa. Amakanya nthochi zakupsa kwambiri ndi ufa wa mgaiwa, kamchere pang'ono, shuga osathira. Atapita, ndinatha chaka chathunthu osakazinga chitumbuwa ngakhale chimodzi. Makasitomala akafunsa ndimangoti nthochi zadula. Fungo lokha ndikalimva pamsewu ndimawoloka.
Tsiku lina mwana wake, amene ndikulera, anandifunsa kuti kodi amayi anga amapanga bwanji zija. Anali ndi zaka 8. Ndinazindikira kuti ndikapitiriza kuthawa, mwanayu adzakula osadziwa kanthu kamodzi kamene mayi ake amakadziwa bwino kuposa aliyense m'banja mwathu. Tinagula nthochi, tinakanya limodzi, ndinalira mafuta ali pamoto. Lero ndi iyeyo amakanya Loweruka, ndipo dzanja lake ndi la mayi ake.
Phikani asisi. Koma musaphike nokha, ndipo ana aone.

Nabanda, 20:21
Mayi a Yankho, zimenezi simunatiuzepo. Pepani.

Mayi a Yankho, 20:23
Lero ndi pamene pakamwa patseguka.

Bambo a Tadala, 20:49
Ine ndilibe chikwatu choti ndisankhe. Bambo anga anamwalira mu Januwale 2021, nthawi imene Covid inavuta kwambiri kumudziko. Kuno malire a pamtunda anali atatsekedwa, Beitbridge yomwe. Kutuluka mwina ndikanatuluka, koma kubwerera kukanavuta ndipo ntchito ikanapita. Komanso ulendo wa basi wodzera ku Nyamapanda, Tete, Zobue mpaka pa Mwanza ndi wa masiku awiri kapena atatu, pomwe maliro nthawi imeneyo samagona. Ndinaonera pa foni ya mlamu wanga, nditakhala pa ndowa kuseri kwa khitchini ya lesitilanti imene ndimagwira. Netiweki imaduka. Ndinaona adzukulu akutsitsa bokosi, chithunzi n'kuima, pobwerera anali akukwirira kale. Kenako anandiitana kuti mbale zachuluka, ndinapukuta maso n'kukatsuka.
Nditapita kumudzi chaka chotsatira, zovala zinali zitagawidwa, njinga inapita kwa amalume, khasu lomwe silinapezeke. Ndinangopeza mtengo wa mango umene anadzala kuseri kwa nyumba. Ndinakhala pansi pake tsiku lonse.
Alongo, inu mwapeza chinthu chimene anakusiyirani ndi dzina lanu. Anati n'cha ana a ku Lilongwe. Sananene kuti n'cha pa denga.

Chiko, 20:56
Apa ndagonja. Ndimaganiza za kusunga chifukwa ine za amayi anga ndilibe kalikonse, anapita ndili Sitandade 4. Nkhope yomwe ndimaiona pa chithunzi chimodzi chokha.

Nabanda, 21:05
Kusunga n'kumvekanso achimwene, palibe walakwa. Koma ndinene za nsinjiro. Mtedza wosinja suchedwa kuwawa chifukwa cha mafuta ake, makamaka kutentha kuno. Achemwali, nunkhizani. Ngati zasintha fungo kapena mukuona nkhungu, musadyetse ana, mtedza wa chuku ndi woopsa ku chiwindi. Mfutso ngati unauma bwino ndipo sunanyowe ulibe vuto.

Nachisale, 21:12
Ndanunkhiza. Zili bwino, botolo linali lotseka kwambiri. Mfutso ndi wouma gwa.

Aphunzitsi, 21:40
Ndawerenga zonse mwakachetechete. Ana anga, ine mayi a kunyumba anandisiya zaka 4 zapitazo titakhala limodzi zaka 38. Masabata oyamba anthu amadzaza pakhomo, a mpingo, achibale, anzanga opuma ntchito. Chovuta chimayamba akabalalika. Ndinapezeka ndikutenga mbale ziwiri pa thandala, makapu awiri a tiyi. Nsima ndinali ndisanaphikepo chikwatire, ndinaphunzira ndili ndi zaka 66, mdzukulu wanga akundigwira dzanja pa mthiko.
Nachisale, mayi anu pofutsa masamba amenewo anathyola m'munda, anawiritsa, anayanika pa mphasa, akuingitsa nkhuku ndi mbuzi masiku angapo. Ntchito yonseyo anaigwira kuti inu mudye. Itanani mng'ono wanu ndi ana. Luzi ndi masamba a msukuwo mutha kusunga. Chitenje chija mupatse azakhali anu amene anawadwazika, kapena muvale nokha pophika. Zonse ziwiri n'zabwino.

Nachisale, 21:58
Ndamva aphunzitsi. Ndamuimbira mng'ono wanga wa ku Kawale, abwera m'mawa ndi ana ake. Koma ndikuopa kuwononga. Amayi akatendera mfutso umakhala wofewa, nsinjiro zosagwirana. Ine ndikaphika nthawi zina pansi pamapserera.

Mayi a Yankho, 22:10
Musaope. Viikani kaye m'madzi ofunda kwa kanthawi kuti ufewe ndi kuti mchenga utsike, kenako mutsuke kawiri. Ikani pamoto ndi madzi ongokwanira ndi mchere, uwire mpaka ukamafinya ndi zala uzinyenyeka. Tomato pamwamba. Nsinjiro muthire madzi akadalipo pang'ono, mungowaza pamwamba osavundula, muvundikire. Moto ukhale wochepa, muchotseko makala ena. Nsinjiro zikapsa ndi nthunzi m'pamene mutakase ndi mthiko. Kupserera kumabwera chifukwa chofulumira kutakasa pa moto waukali. Mafuta musathire, mtedza uli nawo kale.

Nachisale, 22:13
Amayi samathira anyezi. Amati amabisa fungo la masamba.

Mayi a Yankho, 22:14
Ndiye musathire. Muphike mmene amaphikira iwo.

Kamanga, 22:31
Ndili pa Karonga, ndagona pano. Ndawerenga ndili m'kabini ndipo tulo tandithawa. Amayi anga ali moyo ku Chintheche, koma ndatha miyezi 7 osawaona, ndimangotumiza pa Mpamba n'kumadziuza kuti ndakwanitsa. Mawa ndipempha kuti ndikhote, ndikawaone ngakhale ola limodzi. Ndagula mpunga wa Kilombero, wina ndi wawo, wina ndikusiyirani ku Lilongwe alongo.

LACHITATU

Nabanda, 6:02
Tsiku labwino la Anakubala kwa amayi onse pa gulu pano, ndi kwa inu amene mukulera ana a abale anu. Ine ndili pa ntchito, odwala sadziwa holide. Achemwali Nachisale, lero sindiimba 12, ndikudziwa mukhala pamoto.

Mwayi, 8:30
Achimwene Chiko, akuti mufike mawa 9 koloko m'mawa. Mutenge satifiketi ya MSCE, chiphaso cha unzika ndi kalata ya kumene mumagwira. Ndakutumizirani malo ake kumbali.

Chiko, 8:34
Asisi, Mulungu akudalitseni. Ndinyamuka ndi minibasi yoyamba.

Bambo a Tadala, 8:41
Thiransipoti ya Zomba kupita ku Blantyre ndi pobwerera ndilipira ine. Nditumiza kudzera kwa mlamu wanga masana ano.

Mayi a Yankho, 8:45
Mukatuluka mudzere kuno, nkhomaliro mudzadya pa ine. Mubwere ndi kope, mudzandionetse kalembedwe ka katundu kaja. Ufa wanga ukutha msanga kuposa mmene ndikuwerengera.

Nachisale, 10:20
Tamasula. Mng'ono wanga atangoona mfundo ija wakhala pansi. Fungo litatuluka, mwana wanga wamng'ono wati “kukununkhira kwa agogo.” Tatenga theka, theka tamanganso.

Aphunzitsi, 10:33
Mwachita bwino.

Nachisale, 14:05
Tadya. Tinayala mphasa pakhonde, anthu 8, mbale imodzi ya ndiwo pakati ngati kumudzi. Sizinapserere mayi a Yankho, ndinachotsa makala monga munanenera. Mng'ono wanga akuti mchere unachepa pang'ono poyerekeza ndi wa amayi, ndipo akunena zoona, iwo dzanja lawo linali lolemera pa mchere. Tisanadye tinaimba nyimbo imene amayi a Chigwirizano anaimba pa siwa. Sitinaimalize.
Ana afunsa mafunso ambiri. Chitambe n'chiyani, bwanji amakulunga ndi masamba a msuku, agogo anaphunzira kwa ndani. Ena tayankha, ena tasowa, ndiye tawaimbira azakhali. Atiuza kuti amayi anaphunzira kwa agogo awo aakazi, ndipo chaka cha njala ya 2002 ndi mfutso umenewu umene unatisunga, amatiphikira ndi kaufa kochepa ife osadziwa kuti iwo akugona ndi njala. Ine ndinali ndi zaka 11. Ndimakumbuka kuti amati adya kale.
Chitenje ndinavala pophika. Ndichichapa, Loweruka ndikawapatse azakhali.

Nabanda, 14:18
Ndawerenga ndili pa tebulo la manesi, ndachita kutuluka panja.

Bambo a Tadala, 14:26
Zikomo potiuza alongo. Madzulo ano ndiphika usipa wanga uja.

Chiko, 14:30
Theka latsalalo mudzaphika liti?

Nachisale, 14:41
Achimwene athu a ku Kasungu sanathe kubwera, ndiye tawasungira. Tidzaphikira kumudzi mvula ikagwa, pokadzala munda wa amayi. Azakhali akuti mbewu ya maungu ndi khobwe anasiya mu chikho, ndipo mu Epulo adzatiphunzitsa kufutsa ndi kumanga. Masiku anga atatu aja ndawapezera ntchito, Mwayi.

Mwayi, 14:44
Lembani kalata yopempha mawa lomwe, asadzati mwadzidzimutsa.

Kamanga, 16:52
Ndafika pa Chintheche. Ndawapeza akusenda chinangwa choti aviike. Atandiona anaponya mpeni. Akana kuti ndipite ndisanadye, kondowole ali pamoto. Alongo Nachisale, Lachisanu ndidutsa pa Kanengo cha m'ma 4 madzulo, mutume mwana adzatenge mpunga.

Nachisale, 16:58
Ndidzabwera ndekha ndikaweruka. Muwapatse moni amayi, muwauze kuti mwana wawo wina ali ku Area 25.

Mayi a Yankho, 17:06
Ine ndikukaviika nyemba za mawa. Achimwene Chiko, malaya musite lero magetsi akadalipo. Asisi Nachisale, mawa 12 koloko foni ikhale pafupi, ndi tsiku langa.